Choko pa Mageti

Loweruka, 4 Okutobala

Msonkhano wa apolisi pabwalo la sukulu. Mipando 60, anthu 41, agalu awiri. Dzuwa loswa mtengo. Bambo, amuna anga, ndinawasiya ali m'tulo.

Wotsogolera ndi wapolisi wamkazi, sajeni, amene amupatsa dera lathu lino. Wamfupi, wosakweza mawu, nsapato zopukuta bwino. Ndamukonda. Wati nyumba zitatu zathyoledwa mwezi umodzi wokha, zonse masanasana eni ake ali kuntchito. Kunyumba yachitatu akubawo anapeza mtsikana wantchito, namutema pamkono.

Malangizo ake: tizidziwana, tidule mipanda ya maluwa yotalika, tisamasiye makiyi pansi pa mwala wa pakhomo. Anthu anaseka, poti tonse timasiya pomwepo. Wagawa mawezulo 25. "Wezulo ndi woitanira anthu, si woitanira zibonga. Mukagwira munthu, mubwere naye kwa ife ali wathunthu." Apa anasekanso. Kuseka kwachiwiriku sindinakukonde.

Kenaka anaimirira Tcheya, mkulu wa achitetezo a m'dera muno, uja amawotcherera zitsulo pakona. Chiyambireni kubaku maoda a zitsulo za m'mawindo amuchulukira, mimba yayamba kutsogola. Wati akubawa amayamba alemba geti ndi choko, kenaka n'kubwera. Nyumba zonse zitatu zinali ndi chizindikiro pachipilala cha kumanja. Anachijambula pafoni. Foni inayenda m'manja mpaka inafika kwa ine.

Kochonga kakang'ono, ngati ka mphunzitsi m'kope, kamchira kake kodulidwa ndi kamzere.

Ndinabweza foni msanga. Dzanja limenelo ndakhala nalo zaka 46.

Lamulungu, 5 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Ndatsitsa chikwama chawo cha kuntchito pamwamba pa kabati. Bokosi la choko lilimo, latsala theka. M'thumba la jekete fumbi loyera. M'zikhadabo momwe.

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu uzizira.

Bambo anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi zaka 31, wapansi, khomo ndi khomo. Akawerenga mita ankachonga pachipilala cha geti kuti asabwerezepo. Anapuma zaka 12 zapitazo. Mu Febuluwale dokotala anati ali ndi matenda oiwala, aja sabwerera m'mbuyo. Ine ndinagawa mankhwala kuchipatala moyo wanga wonse, sindinafunike kundimasulira.

Ndikadya masana ndimamwa piritsi la kuthamanga kwa magazi, ndipo limandigonetsa ola lathunthu. Ndinkayesa iwo amakhala pakhonde ndi wailesi. Kani amavala jekete ndi chipewa n'kupita kuntchito. Kiyi wa geti ali naye wawo, pachingwe.

Akuba sakuwadziwa, nawonso akuba sakudziwa za iwo. Amachonga paliponse, ndiye nyumba iliyonse imene ingathyoledwe ipezeka yochongedwa. Samu yophweka. Koma ndikauza ndani?

Mu Epulo, tsiku lina mutu uli bwino, anandigwira dzanja. "Mayi, mutu wangawu ukadzatheratu musadzandionetse kwa anthu. Ndisadzakhale chidole cha ana a mumsewu." Ndinavomera. Komanso mwana wathu ananeneratu kuti zikangoipiraipira adzawatenga kukawasiya kumalo kosungirako okalamba, kumene iye akugwira ntchito. Ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Iye ndimamuuza kuti bambo ake amangoiwala poika magalasi basi.

Choko ndachibisa m'bokosi la ulusi. Kiyi ndachotsa pachingwe iwo ali kubafa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Masiku awiri Bambo akusakasaka choko ndi kiyi, kuvundula madirowa, kusuzumira pansi pa bedi. Lero itangokwana 1 koloko anavala n'kukaima pageti. Kuligwedeza. Kenaka mwala, kumenya loko. "Nditsegulireni! Abwana andidula tsiku!" Mawu amene sindinawamvepo chikwatirireni. Mayi a mapasa, oyandikana nafe, anasuzumira pampanda. Ndinati loko wachita dzimbiri, wakanirira. Bodza loyamba. Ndinatsegula.

Ndinawatsata chapatali, ambulera pamutu. Tsopano ndaona chifukwa chake sanagwidwe. Aliyense amawaona, palibe amawayang'ana. Nkhalamba ya chipewa itaima pageti, ndiye chiyani? Anthu akusaka mnyamata wachilendo wa maso ofiira. Pakona anyamata a Tcheya anayi, atavala malaya achikasu owala aja. "Wawa madala! Muziyenda mochenjera, kunja kwaopsa." Bambo anavula chipewa, nawayankha ngati nduna.

Geti lililonse: kusuzumira, kung'ung'udza manambala, dzanja m'thumba. Mulibe. Kuima, kuyang'ana zala. Geti lina, chimodzimodzi. Mageti 27. Mtima unandipweteka, komabe ndinati basi, zatha.

Magetsi atsala mayunitsi 11. Penshoni mpaka pa 28.

Lachisanu, 10 Okutobala

Sizinathe. Apeza makala kukhitchini.

Dzulo ndinagona, ndine munthu. Geti ndinasiya losakhoma poopa phokoso lija. Lero mageti 16 ali ndi chizindikiro chakuda. Pagulu la pafoni mauthenga 130 dzuwa lisanafike pamutu. Wina akuti choyera ndi cha katundu, chakuda ndi cha magazi. Anamva kwa mlamu wake, mlamu wakeyo anamva m'basi.

Mayi a mapasa atumiza ana kwa mchemwali wawo. Anabwera kudzandichenjeza. "Inu muli awiriwiri, nkhalamba zokhazokha. Muzikhoma, amayi." Ndinawathira tiyi. Bambo anali pomwepo, akupukuta zala pathalauza. Potuluka mayiwo anayang'ana chipilala chathu. "Koma lanu lokha sanaligunde. Mumapemphera kuti, tizipita limodzi?" Ndinaseka nawo. Lathu sachonga. Kale mita yathu ankawerenga mnzawo, linali lamulo la kampani, ndipo lamulo limenelo lokha sanaliiwale.

Achitetezo tsopano ali ndi zibonga, awiri zikwanje. Khomo lililonse lisonkhe ya matochi. Ndapereka, risiti sanandipatse.

Pakona pali tayala lakale la galimoto, latsamira pholo la magetsi. Pambali pake kachigubu. Dzulo panalibe.

Loweruka, 11 Okutobala

Kuyeserera mawezulo. Sajeni anachenjezeratu kuti 10 koloko aimba wake, tione ngati anthu angatuluke. Anatuluka. Amuna 23, amayi 18, ana osawerengeka. Iye anati tizibwera ndi maso ndi mafoni. Anabwera ndi zibonga, mipini, mafosholo, wina chitsulo cha bedi. Mkulu wa kwaya yathu ndi hamala. Mayi wa pasaluni ndi poto wa madzi otentha, ati poyeserera tiziyeserera zenizeni. Anthu anafa nazo kuseka.

Sajeni sanaseke. Anawauza atule zonse pansi, nayambanso kufotokoza pang'onopang'ono ngati kwa ana a kalasi yoyamba: munthu wogwidwa samenyedwa, amaimbira apolisi, womenya nayenso ali ndi mlandu. Onse kuvomera ndi mitu. Atangotembenuka, aliyense kutola chake.

Tayala lija analichotsetsa pamaso pake.

Ife ndi amene tinalembera apolisi kuti atithandize, dzina langa linali lachitatu papepalapo. Walira mvula walira matope.

Lolemba, 13 Okutobala

Sajeni akuyenda khomo ndi khomo. Kwathu anafika thukuta lili kamukamu, napempha madzi akumwa. Bambo anali atasamba, manja ndinawatsuka ndekha ndi burashi. Anamulandira bwino, anamufunsa za makolo ake, kenaka: "Nanga mita yanu ili mbali iti, mwana wanga?" Ndinaseka mokweza, ndinati nthabwala za anthu opuma ntchito. Nayenso anaseka. Koma anawayang'ana motalikirapo.

Za zizindikiro sakuzikhulupirira. "Wakuba salengeza, amayi. Ndani amatsogoza mthenga kuti ndikubwera kudzakuberani?" Chimene chikumuopsa ndi tayala. Analichotsetsa Loweruka, Lamulungu linabwerera. Kupolisi kwawo galimoto ndi imodzi, madera asanu ndi limodzi, mafuta kaya.

Wandisiyira nambala yake. "Chilichonse chimene mukudziwa, ngakhale chooneka chachabechabe."

Katatu mawu anafika pakhosi. Katatu ndinameza. Bambo anali atagwira mkono wa mpando wanga, monga amachitira akakhala kuti mlendo wawasokoneza.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Piritsi la masana ndasiya. Mutu ukugunda, koma ndili maso. Makala ndakhomera. Lero atola chibenthu cha njerwa, chizindikiro chofiira. Ndimayenda mageti atatu kumbuyo kwawo ndi kansanza konyowa m'chikwama, iwo kuchonga, ine kufufuta. Mayi wa pasaluni anandipeza ndikufufuta, anandithokoza, ati ndine wolimba mtima.

Wosoka nsapato wabwera, monga Lachiwiri lililonse. Amamveka ali kutali, "Nsapatooo!" Bambo wa ana anayi, dzino limodzi la kutsogolo kulibe, nthabwala sizimuthera. Ndinamupatsa za Bambo, zidendene zatha mbali imodzi. Anazitembenuza n'kuimba mluzu. "Agogowa akufunsira kuti? Nsapato zikutha ngati za mnyamata wa chibwenzi kutsidya." Anakhala pakhonde, naika nsapato palabala, kuzunguliza ndi choko, n'kudula motsatira mzerewo. Ntchito yaudongo.

Ndikumulipira anatsitsa mawu. "Ndimakumana nawo masana, amayi. Musade nkhawa, pakamwa panga ndinasoka kale. Malemu bambo anga ankapita kukadikira sitima imene inasiya kuyenda kalekale."

Ndinayang'ana kumbali. Ndinamupatsa ndalama yake yeniyeni, osaonjeza. Sindinathokoze. Ndinakwiya kuti akudziwa.

Lachisanu, 17 Okutobala

Nyumba yachinayi. Kwa mlongo wake wa Tcheya. Wailesi yakanema, mabulangete, makina osokera. Galu amupatsa poizoni. Pachipilala panali kofiira kamene sindinafufute bwino.

Tcheya pagulu la pafoni: "Apolisi ndi a misonkhano. Ameneyu tikamugwira sitipita naye kulikonse."

Ndapeza njira. Ndikawauza kuti lero ndi Lamulungu, amavula jekete n'kukhala pansi. Dzulo zinakanika, lero zatheka.

Lamulungu, 19 Okutobala

Lamulungu lenileni. Mwana waimba. Ndati tili bwino, kunja kwatentha, bambo ako akumvera wailesi. Anati wamva kuti kuno kukubedwa, atumize ndalama ya zitsulo za m'mawindo? Ndati ayi, tili ndi achitetezo.

Madzulo Bambo anandidula zikhadabo pakhonde, monga kale. Maso anga saona pafupi, awo amaonabe. Chala ndi chala, modekha, lilime lili panja pang'ono. Atamaliza anandifunsa mwaulemu ngati ndimakhala pafupi. Ndinati eya, pafupi kwambiri.

Kumalo kosungirako okalamba kuja, akadzaima pageti 1 koloko, adzawauza kuti ndi Lamulungu ndani?

Lolemba, 20 Okutobala

Achitetezo ayamba kuimitsa anthu pakona, kusecha zikwama. Wogulitsa matsache amulanda tsache limodzi, ati la ofesi.

Mawa Lachiwiri. Wosoka nsapato ali ndi choko m'chikwama mwake. Zandifikira ndikutsuka mbale. Nambala yake ndilibe, kumene amakhala sindikudziwa, zaka zonsezi sindinafunsepo. Akafika pano ndimuuza azichisiya kunyumba.

Lachitatu, 22 Okutobala

Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Cha m'ma 12 koloko masana, wezulo kumunsi kwa msewu. Wina. Wina. Kenaka onse pamodzi, agalu, mapazi, mageti kumenyetseka. Ndinathamangira kuchipinda. Bambo anali pabedi, akumanga zingwe za nsapato. Ndinagwada pansi n'kuthokoza Mulungu. Ndilembe momwe zinalili: ndinathokoza ndisanafunse kuti nanga agwira ndani.

Wosoka nsapato. Pano sanafike. Anamuimitsa pakona, kukhuthula chikwama. Singano, ulusi, guluu, choko.

Sindinatuluke. Ndinakhoma zitseko, kukweza wailesi. Bambo anafunsa ngati kuli mpira. Phokoso linkalowabe. Mawu a munthu mmodzi pakati pa mawu a anthu ambiri, kenaka a anthu ambiri okha. Sajeni ndinamuimbira. Ndinangoti bwerani pakona, akupha munthu. Zina sindinanene.

Akuti anafika panjinga yamoto yahayala, yekha, tayala atamuveka kale munthuyo. Anamugonera pamwamba. Akuti anati, "Yatsani tonse awiri." Machesi anali m'manja mwa mnyamata amene ndinkamupimira mankhwala a chifuwa ali kumsana kwa mayi ake.

Madzulo Tcheya anabwera pageti kudzatilimbitsa mtima, malaya ali madonthomadontho. "Gonani tulo, amayi, tathana nazo. Koma galu ameneyu alibe manyazi. Titamupana anayamba kunamizira agogowa, ati ndi iwo amalemba mageti. Apa ndiye tinamuonjezera."

Ndinati, "Kodi?"

Liwu limodzi lokhalo.

Loweruka, 25 Okutobala

Lamulungu lachinayi sabata ino. Nsapato zawo ndabisa. Chichitikireni sanatuluke. Akuyendayenda m'nyumba ndi masokosi, pabalaza, kukhitchini, pabalaza. Afunsa chifukwa chake sitikupita kutchalitchi.

Ndiye mageti onse ali mbee. Mayi a mapasa abweza ana. "Mwaona, amayi? Chimugwirireni palibenso cholemba." Pagulu la pafoni akuyamikira Tcheya, wina akuti tisonkhe timugulire nsapato za jombo. Mawezulo ena 20 abwera, ogula okha.

Tsiku lililonse ndikawatsekera Bambo m'nyumba, ndikuikira umboni kuti munthu uja ndi wakuba. Ndikawatsegulira, tayala lili pakona.

Chakudya sichikutsika. Piritsi ndayambiranso, tulo take palibe.

Lolemba, 27 Okutobala

Kuchipatala. Bambo ndinawasiya ndi wailesi, zitseko zokhoma.

Wodi ya amuna, bedi la pawindo. Ndinagwira ntchito m'chipatala chimenechi zaka 29, fungo ndi lomwelo. Ndinawerenga khadi la kumapazi kwa bedi, chizolowezi. Nthiti zitatu. Diso lamanzere mwina silidzaonanso. Dzanja lamanja lathyoka pawiri. Dzanja losokera. Pakhomo la wodi wapolisi pampando, kaya kulondera kuti asathawe, kaya kuti asamutsirize.

Ndinatenga shuga, buledi, sopo, malalanje 6. Atandiona anatembenukira kukhoma. Zinamupweteka kutembenukako, ndinamva kubuula, koma anatembenukabe.

Mkazi wake anandiperekeza mpaka pakhonde, khanda kumsana. Wamng'ono kuposa mwana wanga. Sanakweze mawu. Eni nyumba awatulutsa, akuopa kuti anthu angaiwotche. Ana akugona kwa achibale, awiri uku, wina uko. Kusukulu akuwatcha ana a choko. Uthenga wafika kale kuti akatuluka m'chipatala asadzaonekenso. "Iwo akuti inu mukudziwa, amayi. Ndiye mukudikira chiyani? Maliro?"

Jumbo anandibwezera. Malalanje onse 6.

Lachinayi, 30 Okutobala

Penshoni inalowa Lachiwiri. Magetsi, mankhwala. Yotsala ndaika padera ya banja lija, ngati angalandire.

Ndanena. Kupolisi, kachipinda ka mipando iwiri, mafayilo mpaka kudenga. Ndinayambira Febuluwale, mwadongosolo, osadumpha. Sajeni sanandidule mawu. Pachipumi ali ndi bala la tsiku lija, mwala umene sunali wake. Nditatha anati, "Ndinamwa madzi kwanu, amayi." Basi. Bola akanandikalipira.

Mlandu wa wosoka nsapato authetsa, umenewo ngosavuta. Chovuta ndi msewu wathu. "Ndikanena ine, ati ndadya ndalama. Mukanena inu, ati agogo chisoni chawasokoneza. Anthu akamenya munthu safuna kumva kuti analakwitsa. Ayenera kuona ndi maso awo, onse nthawi imodzi."

Ndiye tapangana. Loweruka 1 koloko, anthu ali m'makomo. Bambo atuluke monga amachitira, choko m'manja, ine pambali, iye ndi apolisi awiri kumbuyo atavala yunifomu. Sanandibisire. Ena adzati akuba amawatuma agogowa. Ndipo anayi mwa anyamata aja akudziwa kuti zoona zikaoneka, omangidwa ndi iwo. "Wamanyazi amaluma kuposa wokwiya."

Pobwerera ndinadutsa pakona. Onse anandipatsa moni. Ana a ulemu.

Lachisanu, 31 Okutobala

Ndamuimbira mwana. Ndamuuza zonse. Anakuwa, analira, anakuwanso. "Mayi, mwatsala pang'ono kuphetsa anthu awiri ndi ulemu wanuwo!" Sananame. Akubwera Lamulungu ndi galimoto, malo aja walipira kale. Za mawa wakana, ati ndisayerekeze. 

Ndatsitsa sutikesi. Malaya 7, mathalauza 4, juzi ija ndinawalukira chaka chimene anapuma, magalasi onse awiri. Ndalemba maina a mankhwala ndi nthawi zake m'zilembo zazikulu. Ndaonjezera kuti tiyi amamwa wosatentha kwambiri, ndi kuti akakwiya osawagwira paphewa. Ndili pakati popinda ndinangokhala pansi.

Madzulo anali bwinoko. Anandizindikira, anafunsa za mwana. Ndinati, Bambo, lonjezo lija la mu Epulo, ndikufuna mundimasule. Anakwinya chipumi, kuganiza mofatsa. "Lonjezo liti, Mayi? Ngati ndi la diresi, mwezi ukatha." Naseka. Kenaka anafunsa kuti nsapato zawo zili kuti, nanga bwanji wosoka uja sakuonekanso.

Wondimasula palibe. Ndidzimasula ndekha.

Loweruka, 1 Novembala

Jekete ndasita. Nsapato ndatulutsa, ndapaka polishi. Choko ndaika ndekha m'thumba lawo, zidutswa ziwiri. Anachitulutsa, kuchiyang'ana, kuchibwezeramo, n'kugunda thumba ndi chikhatho. Nkhope yawo sindinaione chonchi mwezi wonse.

Sajeni waimba. Basi yagubuduka kumsewu waukulu, onse awatumiza kumeneko. Akuti tidikire Lolemba. "Chonde amayi, musatuluke nokha."

Lolemba Bambo kuno kudzakhala kulibe. Akachoka mawa, msewu uno sudzaonanso choko, ndipo munthu uja adzakhala wakuba mpaka kumanda, ana ake ana a wakuba.

Ndasuzumira pampanda. Aliyense ali pakhomo: kuchapa, kutsuka galimoto, ana ndi mpira wawo. Pakona anyamata 7, malaya achikasu. Tcheya akuwotcherera, moto ukuthetheka. Tayala lilipo, lina, lalikulupo.

Mayi a mapasa ndawauza kuti 1 koloko aime pageti pawo, aitanenso ena. Afunsa kuti kuli chiyani. Ndati muona nokha.

Piritsi sindimwa, lingandigonetse ndili chilili. Diresi la kutchalitchi, nsapato zosatalika. Pepala la dokotala m'chikwama, kaya alipo adzafune kuwerenga. Mbaula ndazimitsa. Kiyi wa nyumba pansi pa mwala, mwana asadzavutike.

Iwo ayenda mbali ya mipanda, ine mbali ya msewu. Wokweza chibonga ayambe wadutsa pa ine.

Avala chipewa. Ali pageti, akuitana: "Mayi, fulumirani, tichedwa!" Zaka 31 sananditengepo kuntchito kwawo.

Geti loyamba ndi la Mayi a mapasa. Lachiwiri la pasaluni. Lachisanu la mlongo wake wa Tcheya. Kupitirira pamenepo sindinawerengere.